Mbiri ya Nyumba za Lendi M'madera Ozungulira Mzinda wa Blantyre

Mawu akuti lendi, amene masiku ano ali pakamwa pa aliyense wokhala mu Blantyre, ndi obwereka ku Chingerezi, ndipo kubwereka kwakeko ndi umboni wakuti mchitidwe wolipira ndalama mwezi ndi mwezi kuti banja ligone m'nyumba ya munthu wina sunali mbali ya moyo wa Amang'anja ndi Ayao amene ankakhala m'dera la Kabula Azungu asanafike. Mbiri ya mchitidwewu ikusonyeza kuti funso limene banja lililonse lofuna nyumba limadzifunsa, lakuti ndi dera liti limene lili labwino kulereramo ana, linayamba kuyankhidwa kalekale ndi momwe malo, madzi ndi misewu zinagawidwira pakati pa anthu, ndiponso kuti nyumba zambiri zimene mabanja achitamo lendi sizinamangidwe ndi boma kapena makampani koma ndi anthu wamba okhala ndi maploti ang'onoang'ono.

Malo asanakhale ndi mtengo

M'midzi ya kumapiri a Shire munthu ankapeza pokhala kudzera mu ubale. Potsata mwambo wa chikamwini, mwamuna ankamanga nyumba kwawo kwa mkazi, ana ankakulira pakati pa mbumba ya amayi awo, ndipo mlendo wofuna kukhazikika ankapempha malo kwa mfumu, imene inkamulozera pomanga ndi polima popanda kumuikira mtengo wa pamwezi. Chimene wopatsidwa maloyo ankabweza chinali ulemu ndi thandizo pa ntchito za m'mudzi, ndipo thandizo lotereli ndi limene linkatchedwa thangata.

Zinthu zinasintha pamene amishoni a Church of Scotland anakhazikitsa mishoni ya Blantyre mu 1876 m'dera la Mfumu Kapeni, ndipo patapita zaka ziwiri kunabwera kampani ya zamalonda imene inadzatchuka ndi dzina lakuti African Lakes, yotsogoleredwa ndi John ndi Frederick Moir, amene nyumba yawo ya Mandala ya mu 1882 idakalipo mpaka lero. Dziko la Malawi litalowa m'manja mwa Britain mu 1891, mtsogoleri wa boma la atsamunda, Harry Johnston, anayamba kupereka kwa Azungu zikalata zotchedwa Certificates of Claim, zimene zinkatsimikizira kuti malo amene iwo ankati anagula kwa mafumu ndi awodi mwalamulo. Motero gawo lalikulu la nthaka yabwino ya kumapiri a Shire linasanduka maesiteti, ndipo anthu okhalamo, makamaka Alomwe amene anayamba kulowa mwaunyinji kuchokera ku Mozambique cha m'ma 1900, anauzidwa kuti alipire pokhala pawo pogwira ntchito kwa mwini esiteti. Mawu akuti thangata anataya tanthauzo lake la kuthandizana n'kukhala dzina la ntchito yokakamiza, imene inali chimodzi mwa zifukwa za kuukira kwa John Chilembwe mu Januwale 1915. Lamulo la mu 1928 lokhudza anthu akuda okhala m'maesiteti linalola kuti malipirowo aperekedwe mwa ntchito, mbewu kapena ndalama, koma linapatsanso eni maesiteti mphamvu yothamangitsa banja limodzi mwa mabanja 10 alionse pakatha zaka zisanu zilizonse. Lendi yoyamba imene anthu a m'chigawo chakummwera anaidziwa inali ya malo osati ya nyumba, ndipo inabwera limodzi ndi mantha a kuchotsedwa.

Tauni ya anthu ochepa

Blantyre inakhala ndi khonsolo yake mu 1895, njanji yochokera ku Port Herald, kumene tsopano ndi ku Nsanje, inafika mu 1908, ndipo chaka chomwecho kampani ya Imperial Tobacco inatsegula fakitale ku Limbe, tauni imene inakhazikitsidwa mwalamulo mu 1909. Makhonsolo a matauni awiriwa anali m'manja mwa Azungu, amene anadzisungira malo okwera ndi opita mphepo, ponena kuti kutalikirana ndi anthu akuda kukanawateteza ku malungo ndi matenda ena. Amwenye anapatsidwa gawo lawo la malonda, kumene ambiri ankagona kuseri kapena pamwamba pa masitolo awo. Madera a nyumba zikuluzikulu zozunguliridwa ndi bwalo lalikulu, monga Mandala ndi Sunnyside, ndi amene anabala mawu akuti kumayadi, amene mpaka pano amatanthauza dera la anthu opeza bwino.

Munthu wakuda ankaloledwa kugona kumayadi ngati wantchito basi, m'kanyumba ka kuseri kotchedwa bozikota, dzina limene palokha likusonyeza kuti wokhalamo ankaonedwa ngati mnyamata wopanda banja ngakhale atakhala ndi imvi. Katswiri wa mbiri John McCracken, m'nkhani yake ya mu 1998 yofotokoza za mitundu ya anthu ndi kagawidwe ka malo mu Blantyre, anasonyeza kuti tauniyi inali yosiyana ndi Salisbury (tsopano Harare) kapena matauni a migodi ya kopa ku Northern Rhodesia (tsopano Zambia), kumene antchito ankasungidwa m'makomboni a khonsolo ndi a makampani. Ku Blantyre antchito ambiri ankagona m'midzi yozungulira tauni ndi kumayenda pansi mtunda wautali m'mawa ndi madzulo, zimene zinapeputsira mabwana ndi khonsolo mtolo womanga nyumba. M'midzi yoteroyo, monga ya m'munsi mwa phiri la Ndirande, munthu wochokera kutali ankayamba ndi kugona kwa mbale kapena kwa mnzake wa kwawo, kenako ankapatsidwa kanyumba n'kumathokoza ndi kangachepe, ndipo pang'onopang'ono kangachepeko kanasanduka mtengo wodziwika wa pamwezi.

Banja liyamba kuganiziridwa

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, boma la atsamunda linayamba kuvomereza kuti makalaliki, aphunzitsi, amisiri ndi antchito a panjanji sanali alendo odutsa m'tauni koma anthu okhazikika, okhala ndi akazi ndi ana. Lipoti lokhudza malo la Sir Sidney Abrahams la mu 1946 linalimbikitsa boma kugula malo a maesiteti amene sankagwiritsidwa ntchito, ndipo njala ya mu 1949, imene inasautsa kwambiri boma la Blantyre, inaonetsa poyera kuti midzi yozungulira tauni sinkathanso kudyetsa ndi kusunga antchito onse. M'zaka za m'ma 1950 dera la Soche linakonzedwa kuti likhale malo a nyumba za anthu akuda, lokhala ndi misewu yoyezedwa, mipopi, msika ndi sukulu. Blantyre ndi Limbe zinaphatikizidwa kukhala tauni imodzi mu 1956, ndipo chipatala cha Queen Elizabeth chinatsegulidwa mu 1958 pakati pa matauni awiriwa. Nyumba za nthawi imeneyi zinali zazing'ono ndi zofanana, zondandalikidwa m'mizere imene anthu anaitcha malayini, komabe zinali zina mwa zoyamba kumangidwa ndi cholinga chakuti bambo, mayi ndi ana agone pansi pa denga limodzi m'tauni.

Vuto la nyumbazi linali lakuti zambiri zinkayendera ntchito. Wogwira ntchito m'boma, kunjanji kapena kukampani ya fodya ankapatsidwa nyumba ndi bwana wake, lendi inkadulidwa kumalipiro, ndipo ntchito ikatha, kaya chifukwa cha kuchotsedwa, ukalamba kapena imfa, banja linkayenera kutuluka. N'chifukwa chake anthu ambiri a m'badwo umenewo sankaona tauni ngati kwawo, koma ankamanga kumudzi ndi kumatumiza ana kwa agogo awo pa tchuthi, podziwa kuti kumeneko ndi kumene adzapumire ndi kuikidwa.

Nyumba za MHC ndi maploti

Chaka chimene Malawi inalandira ufulu, 1964, Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa bungwe la Malawi Housing Corporation, limene ambiri amangoliti MHC, kuti lizimanga, kubwereketsa ndi kugulitsa nyumba. M'zaka zotsatira mafakitale anachuluka: magetsi a ku Nkula anayamba kufika mu 1966, chaka chimene Blantyre inalandira ulemu wotchedwa mzinda, fakitale ya nsalu ya David Whitehead inatsegulidwa mu 1967, ndipo ya mowa ya Carlsberg inatsatira mu 1968. Nyumba za bungweli m'madera monga Chitawira, Nkolokosa, Kanjedza, Chinyonga ndi Ndirande New Lines zinali za njerwa zowotcha, zokhala ndi madzi ndi chimbudzi chogejemula, kabwalo kosewererapo ana ndi kadimba ka masamba kuseri. Madera amenewa ndi amene anaumba chithunzi cha malo oyenera banja m'maganizo a anthu a mu Blantyre: pafupi ndi sukulu ya boma, tchalitchi kapena mzikiti, msika ndi siteji ya basi za kampani ya UTM, pakati pa aneba olandira malipiro ofanana amene ankadziwana mayina, kotero kuti mwambi wakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe unkagwirabe ntchito ngakhale anthuwo anali ochokera m'maboma osiyanasiyana.

Komabe nyumba zoterezi sizinakwanire ngakhale pang'ono. Kalembera wa mu 1966 anapeza anthu pafupifupi 109,000 mumzindawu, wa mu 1977 anapeza pafupifupi 219,000, ndipo wa mu 1987 anapeza pafupifupi 333,000, ngakhale kuti mu 1975 likulu la dziko linasamukira ku Lilongwe n'kukokera kumeneko ndalama zambiri zomangira. Njira imene boma linadalira pofuna kuthandiza anthu opeza pang'ono inali ya madera otchedwa Traditional Housing Areas, mwachidule THA, kumene MHC inkayeza maploti, kulambula misewu yafumbi ndi kuika mipopi yogwiritsa ntchito anthu ambiri, ndipo wopatsidwa ploti ankamanga yekha ndi zipangizo zimene akanatha, monga zidina, zimene ndi njerwa zosawotcha, ndi kumalipira kandalama kochepa ka malo. Mbali zina za Ndirande, Zingwangwa, Chilomoni, Bangwe ndi South Lunzu, kumene ambiri amati ku Machinjiri, zinakula mwa njira imeneyi.

Okonza mapulani ankayembekezera banja limodzi pa ploti iliyonse, koma eni maploti anaona msanga kuti malo otsala kuseri ndi chuma. Anayamba kumanga midadada, kutanthauza zipinda zolumikizana pansi pa denga limodzi, chilichonse ndi khomo lake loyang'ana pabwalo, ndipo ndalama za chipinda choyamba zinkagula malata a chachiwiri. Umu ndi momwe munabadwira landilodi wa m'tauni ya Malawi, amene nthawi zambiri sanali munthu wolemera koma wopuma pantchito, mayi wamasiye kapena wogulitsa mumsika, wogona pa ploti yomweyo ndi anthu ake a lendi ndi kumagwiritsa nawo chimbudzi chokumba ndi bafa limodzi. M'dziko limene anthu ochepa okha ankalandira penshoni ndipo ngongole za nyumba za New Building Society zinkafikira a malipiro apamwamba okha, mdadada unali penshoni ya mwini wake, ndipo unasunga mabanja ambiri kuposa amene anasungidwa ndi bungwe lililonse la boma.

Kutha mphamvu kwa kwacha

Kuyambira mu 1981 Malawi inayamba kutsatira ndondomeko zosintha chuma zimene Banki Yaikulu ya Dziko Lonse ndi bungwe la IMF ankalimbikitsa, zimene zinachepetsa ndalama zimene boma linkaika m'mabungwe ake. Lendi ya nyumba za MHC inakhala yotsika poyerekeza ndi mtengo wozikonzera, kumanga kunazilala, ndipo mndandanda wa anthu odikira nyumba unatalika kotero kuti wopeza nyumba sankaitaya, ena n'kumaibwereketsanso kwa anzawo pamtengo wokwera. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 madera a THA anaperekedwa m'manja mwa makhonsolo, ndipo m'zaka zotsatira nyumba zambiri za boma ndi za MHC zinagulitsidwa kwa amene ankakhalamo, pamene mabwana ambiri anasiya kupereka nyumba n'kuyamba kupereka alawansi yake. Ogula ambiri anawonjezera zipinda, anamanga mipanda ya njerwa m'malo mwa maheji, ndipo anayamba kubwereketsa bozikota kapena nyumba yonse, motero madera amene kale munthu ankalowamo chifukwa cha ntchito yake anayamba kulowedwa chifukwa cha kukula kwa thumba lake.

Mu Febuluwale 1994 boma linasiya kuika mtengo wa kwacha, ndipo kugwa kwa ndalamayi, kumene kunabwerezedwa mu 2012, mu Meyi 2022 pamene inatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndi mu Novembala 2023 pamene inatsitsidwa ndi 44 peresenti, kunakweza mtengo wa simenti, malata ndi penti. Eni nyumba anayamba kudziteteza pokweza lendi chaka ndi chaka ndi kufuna adivansi, kutanthauza ndalama za miyezi ingapo, kawirikawiri itatu, zolipiriratu munthu asanalowe. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 maminibasi, amene anachuluka boma litamasula ntchito ya zamtengatenga, anachititsa kuti munthu athe kugona ku Chirimba, Chileka, Lunzu, Chigumula kapena Mpemba n'kumagwira ntchito mumzinda, ndipo malo a mafumu a m'maderawa anayamba kugulitsidwa maploti. Maphunziro aulere a pulayimale a mu 1994 anadzaza makalasi a sukulu za boma, sukulu zolipira zinabuka m'madera ambiri, ndipo kuyandikira sukulu yabwino kunakhala chimodzi mwa zinthu zokweza mtengo wa nyumba. Pofika mu 1998 mzindawu unali ndi anthu pafupifupi 502,000, ndipo mu 2018 anakwana pafupifupi 800,000, oposa theka la iwo okhala m'madera osayezedwa monga Mbayani, Chilobwe ndi Ntopwa.

Mwambo wa lendi

Mkati mwa zaka zonsezi munakhazikika mwambo wosalembedwa umene banja lofuna nyumba limatsata. Uthenga wa nyumba yopanda munthu unkayenda pakamwa, kutchalitchi, kuntchito ndi kumaliro. Kenako kunabwera zikwangwani zokhomedwa pamitengo, maejenti amene amalipiritsa kuti akaonetse munthu nyumba, ndipo masiku ano magulu a pa Facebook ndi WhatsApp. Mafunso amene banja limafunsa ndi ofanana kulikonse: ngati nyumbayo ili mumpanda, ngati ndi yoima payokha kapena ili pa ploti ya mabanja ambiri, ngati landilodi amakhala pomwepo, ngati mita ya madzi ndi ya magetsi ndi yakeyake, ndiponso ngati madzi amatuluka masana. Funso lomalizali lili ndi chifukwa chake, pakuti madzi ambiri a mzindawu amapopedwa kuchokera mumtsinje wa Shire ku Walker's Ferry, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, n'kukwezedwa mamita mazanamazana kuti afike kumapiri, kotero kuti magetsi akavuta madera okwera ndi amene amayamba kuuma. Mamita olipiriratu, amene munthu amagulira mayunitsi, anachepetsa mikangano ya mabilu imene kale inkadanitsa mabanja a pa ploti imodzi, koma sanathetse kusowa kwa madziwo.

Mwini nyumba naye amakhala ndi mafunso ake, ndipo loyamba nthawi zambiri limakhala la kukula kwa banja. Ambiri amakana banja la ana ambiri poopa kuti chimbudzi chidzaza msanga, makoma ada ndipo phokoso lichuluka, kotero kuti banja limene likufunitsitsa bwalo ndi mpanda ndi limene limavutika kwambiri kuzipeza. M'midadada ndi m'nyumba zambiri za m'madera a anthu wamba mgwirizano umakhala wapakamwa, umboni wokhawo wa malipiro ndi kabuku kolembamo mwezi ndi mwezi, ndipo notisi, imene ndi nthawi imene mmodzi amapatsa mnzake asanathetse mgwirizano, kawirikawiri imakhala ya mwezi umodzi. Boma siliika mtengo wa lendi ya nyumba za anthu, ndipo ngakhale khoti la majisitireti lili ndi mphamvu yoweruza mikangano yotere, ambiri amapita kwa mafumu a m'tauni kapena kwa akuluakulu a mpingo, poopa kuchedwa ndi ndalama za milandu. Pamene ubale uli wabwino, landilodi amadikira mwezi wovuta ndipo amakhala woyamba kufika pakagwa zovuta. Pamene waipa, pamachitika zozula chitseko kapena kusasula denga pofuna kutulutsa wolephera kulipira. Mwambi wakuti kwa eni kulibe mkuwe umafotokoza bwino kudzichepetsa kumene wokhala m'nyumba ya wina amaphunzira, ndipo ana ndi amene amauphunzira msanga, pouzidwa kuti asathyole mango a pabwalo limene akuliramo.

Malire a mzinda

Pamene malo athyathyathya anatha, nyumba zinayamba kukwera m'mapiri a Soche, Ndirande ndi Bangwe ndi kutsikira m'mphepete mwa mitsinje ya Mudi, Nasolo ndi Naperi, kumene lendi ndi yotsika chifukwa chakuti malowo ndi oopsa ndipo alibe misewu kapena ngalande. Mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023, umene unachedwetsa kutsegulira kwa sukulu mu Blantyre mu Januwale 2023, unaonetsa zotsatira za zimbudzi zokumba zoyandikana ndi zitsime, ndipo mu Malichi chaka chomwecho namondwe wa Freddy anagumula mbali ya phiri la Soche, matope ndi miyala n'kukokolola nyumba ku Chilobwe ndi madera oyandikana nawo, kumene kunafa anthu ambiri kuphatikizapo ana. Mwa opulumuka munali a lendi, amene analibe ploti yobwererako kapena chikalata chosonyeza kuti anataya nyumba.

Kuchokera pa thangata la m'maesiteti kufika pa adivansi ya miyezi itatu, chimene chasiyanitsa dera lina ndi linzake mu Blantyre ndi ntchito imene inagwiridwa anthu asanafike: kuyeza maploti, kuika mapaipi, kukumba ngalande ndi kupatula malo a sukulu ndi osewerera. Chitawira ndi Kanjedza akufunidwabe ndi mabanja patapita zaka zoposa 50 chifukwa ntchito imeneyi inachitika, pamene madera atsopano a ku Chileka ndi Mpemba, ngakhale ali ndi nyumba zokongola za matailosi ndi mipanda italiitali, ambiri akudalirabe mijigo ndi misewu imene imaduka dzinja likafika. Anthu wamba asonyeza kwa zaka zambiri kuti angathe kumanga nyumba zokwanira mzinda wonse, chipinda chimodzi pa nthawi, koma msewu, ngalande ndi paipi sizimangidwa ndi mwini ploti mmodzi, ndipo mpaka khonsolo ndi boma zitayambanso kufika pamalo anthu asanamange, banja la lendi lipitiriza kusankha pakati pa nyumba imene lingakwanitse kulipira ndi dera limene ana ake angakuliremo bwino.